Njanji ya pa Luchenza: Tiyi, Thangata ndi Ulendo wa ku Kabula

 Madzulo ano tikamba za njanji. Sitikamba za njanji yonse ya m'dziko muno ayi, koma chigawo chake chakale koposa, chimene chimachokera ku Nsanje, kukwera m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, kupyola m'boma la Thyolo, kukafika ku Limbe ndi ku Blantyre. Ana ambiri a masiku ano amaoloka njanji imeneyi pa Luchenza ali pa minibasi, osaicheukira n'komwe. Komatu zitsulo ziŵiri zimenezo ndizo zidathandiza kusandutsa Thyolo kukhala dziko la tiyi, ndiponso ndizo zidafikitsa makolo athu ambiri ku Kabula ulendo wawo woyamba. Tsono tifunse: kodi njanjiyi adaimangira yani, adailipira ndani, nanga eni dziko adapindula nayo chiyani?

Tiyambe ndi nthaŵi imene kudalibe njanji. M'zaka za m'ma 1890 katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa doko la Chinde, kumathiriro a mtsinje wa Zambezi. Kuchokera pamenepo sitima zing'onozing'ono za pamadzi zinkakwera naye Zambezi, n'kuloŵa mu Shire, kufikira pa Chiromo kapena kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwake sitima sizikadatha kupitirira chifukwa cha mathithi. Ulendo wotsalawo unkatha ndi mitu ya anthu. Amuna zikwizikwi, amene ankatchedwa amtengatenga, ankasenza mitumba ya nsalu, mchere, malata ndi zitsulo za makina, kukwera nazo chitunda chotentha chija mpaka ku Blantyre, ndipo potsika ankasenza khofi. Mzungu mwini katunduyo ankayenda chogona m'machila.

Azungu a minda sadakondwe nayo njira imeneyi, ngakhale sikuti ankamvera chisoni makosi a anthu. Chidaŵavuta n'chakuti mwamuna amene ali pa ulendo wamtengatenga sangakhalenso m'munda wa khofi, motero manja ankapereŵera. Vuto lina lidali madzi. M'zaka zimenezo nyanja yathu inkaphwa chaka ndi chaka, ndipo Shire ankachepa naye, kotero kuti m'chilimwe sitima zinkatitimira mumchenga zisadafike n'komwe pa Chiromo. Katundu ankaunjikana m'madoko kwa miyezi, mvula ndi chiswe zili kumuononga.

Munthu amene adalimbikira kwambiri za njanji ndi Eugene Sharrer, wamalonda wochokera ku Germany, mwini masitolo otchedwa Kabula Stores, amenenso adadzitengera malo aakulu zedi m'mapiri a Shire, ena mwa iwo ku Thyolo konkuno. Mu 1895 iye adayambitsa kampani ya Shire Highlands Railway. Padapita zaka zingapo anthu ali kukangana za ndalama ndi za kumene njanji idzere. Potsiriza Boma la Atsamunda lidavomera, ndipo lidalonjeza kampaniyo malo okwana maekala 361,600 ngati mphotho yake. Omvera, taganizani: malo amenewo adali ndi eni ake, midzi, manda ndi minda, koma adaŵapereka ndi cholembera anthu osafunsidwa. Minda ya Sharrer idapita m'manja mwa British Central Africa Company mu 1902, ndipo kampani imeneyi ndiyo idagwira ntchito yomanga njanji. Inu a ku Limbe mukamatchula BCA Hill, dziŵani kuti muli kutchula dzina la kampani imeneyi.

Ntchito idayamba mu 1903. Poyamba adaganiza zoyambira pa Chiromo, koma poona kuphwa kwa Shire adatsikira kummwera, ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Kudalibe makina okumbira monga tili kuŵaona lero. Nthaka ankakumba ndi makasu ndi mapiki, n'kumaituta m'madengu. Anthu ogwira ntchitoyo sadasoŵe, pakuti msonkho wa nyumba udali utayamba kale, ndipo kuyambira 1902 munthu wogwirira ntchito mzungu mwezi umodzi ankakhoma masheleni 3 pamene mnzake wokhala pamudzi ankakhoma masheleni 6. Msonkho ndiwo udali kapitao wamkulu wa njanji.

Kuchokera m'chigwa cha Shire kufika ku Limbe sitima iyenera kukwera mamita oposa 1,000, ndipo sitima sikwera phiri molunjika monga achitira munthu. N'chifukwa chake akatswiri adatsata madzi. Itaoloka Shire pa Chiromo, njanji idalondola Ruo, mtsinje umene uli malire athu ndi Mozambique, kudzera pa Makhanga, Sankhulani, Thekerani ndi Sandama, kufupi ndi mathithi a Zoa. Kuchokera apo idatsata chigwa cha Thuchila, kupyola Khonjeni, n'kutulukira pa Luchenza, kenaka Nansadi, mpaka ku Limbe. Ichi ndicho chifukwa chake pa boma la Thyolo penipeni palibe siteshoni, ndipo Luchenza, amene adali malo wamba, adasanduka tauni. Sitima yoyamba idaloŵa mu Blantyre kumapeto kwa mwezi wa Malichi 1908, itayenda mamailosi 113 kuchokera ku Port Herald.

Chaka chimenechi cha 1908 tichisunge bwino, pakuti zinthu zitatu zidachitikira pamodzi. Sitima idafika ku Blantyre, kampani ya fodya ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yake ku Limbe, ndipo tiyi woyamba wa m'boma la Thyolo adabzalidwa pa esiteti ya Bandanga. Khofi, amene azungu adayamba kudalira, adali atagwa kale chifukwa cha chilala, tizilombo ndi kutsika kwa mitengo kunja. Ambiri adathaŵira ku thonje ndi fodya, koma m'malo a mvula yambiri ndi chiperoni mbeu imene idakhazikika ndi tiyi.

Tiyi ameneyu adadzera ku Blantyre Mission. Mu 1878 mlimi wa pa mishoni, Jonathan Duncan, adabwera ndi mbande za khofi ndi tiyi kuchokera ku Edinburgh. Khofi adaphuka koma tiyi adafa. M'zaka za m'ma 1880 kudabweranso mbeu zina, ndipo mitengo iŵiri yokha ndiyo idapulumuka. Mu 1891 Henry Brown adatenga mbeu pa mitengo imeneyo n'kukabzala ku Thornwood, ku Mulanje. Ku Thyolo tiyi adachedwa kufalikira. Maesiteti ambiri amene timaŵadziŵa, monga Satemwa, imene Maclean Kay adaiyamba mu 1923, Naming'omba ndi minda ya Conforzi, adakula m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Mu 1933 maiko olima tiyi wambiri, India, Ceylon ndi zisumbu za Java ndi Sumatra, adapangana zochepetsa tiyi wogulitsa kunja, mitengo idakwera, ndipo pofika kumapeto kwa zaka zimenezo tiyi wa Nyasaland ankapikisana ndi fodya pobweretsa ndalama m'dziko.

Popanda njanji zimenezi sizikadatheka. Tsamba la tiyi likathyoledwa liyenera kuloŵa m'fakitale tsiku lomwelo, lifote, lipukusidwe, liumitsidwe. Likauma amalitsekera m'mabokosi a matabwa opyapyala okutidwa m'kati kuti chinyezi chisaloŵe, pakuti tiyi wonyowa ndi zinyalala chabe. Mabokosi amenewo adayenera kukafika ku msika wa ku London ali ouma ndiponso mwamsanga. Ngolo za ng'ombe, ndipo pambuyo pake malole, zinkatsika nawo kuchokera ku Mulanje ndi ku Thyolo kukaŵatula pa Luchenza kapena ku Limbe. Sitima yomweyo pobwerera inkadza ndi makina a m'fakitale, malata, feteleza ndi makalata a abwana.

Nanga ankathyola tiyiyo ndani? Apa ndi pamene tikumana ndi mau akuti thangata. Kale thangata adali mau okoma: kuthandizana kumunda, lero kwa uyu, maŵa kwa uje, pamapeto pake n'kumwera pamodzi thobwa kapena moŵa. Pa maesiteti mau omwewo adasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Munthu womanga nyumba pa malo a mzungu ankagwira ntchito mwezi umodzi kapena iŵiri ngati lendi, kaŵirikaŵiri miyezi yake inkatalikitsidwa, ndipo inkagwa m'dzinja, pamene tiyi aphuka kwambiri ndiponso pamene chimanga cha munthuyo chili kufuna kupalira. Ambiri mwa amene adasenza goli limeneli adali Alomwe, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1890 ankaoloka Ruo kuthaŵa misonkho ndi ntchito yakalavula gaga ya Apwitikizi. Pokhala alendo opanda malo, sadathe kukana. Wokana ankamugwetsera nyumba ndi kumuzulira mbeu. Lamulo la 1928 lidayesa kuika malire a thangata koma silidamuthetse. Adatha mu 1962, Boma la eni dziko litayamba kugwira zingwe.

Tibwerere ku njanji. Shire adapitirira kuphwa, kotero kuti Port Herald nayenso adaleka kukhala doko lodalirika. Njanji idatalikitsidwa mamailosi 61 kufika pa Chindio, m'mbali mwa Zambezi, ndipo idatsegulidwa mu 1915. Mu 1922 njanji ina, ya Trans-Zambezia, idachokera kufupi ndi Beira kufika pa Murraça, kutsidya kwa mtsinjewo. Pakati padatsala Zambezi mwini wake. Anthu ndi katundu ankatsika sitima, n'kuoloka pa zombo, n'kukweranso ina kutsidya. M'chilimwe zombo zinkakhudza mchenga, m'dzinja madzi ankamiza madoko. Mapeto ake adamanga mlatho waukulu wa Dona Ana, pakati pa Mutarara ndi Sena, wotalika makilomita oposa 3 ndi theka, umene udatsegulidwa mu Januwale 1935. Adaumanga ndi a kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, tauni ya ku England imene imadziŵika m'mbiri chifukwa cha njanji ya Stockton ndi Darlington ya mu 1825, kumene injini ya moto idayamba kukoka anthu pa njanji ya aliyense. Chaka chomwecho cha 1935 njanji yathu idafikanso ku Salima.

Walira mvula walira matope. Njanji ya ku Beira idadza ndi ngongole, ndipo Boma la Nyasaland ndilo lidaikidwa chikole cha chiwongoladzanja chake, ngakhale mbali yaikulu ya njanjiyo idali m'dziko la Apwitikizi. Ndalama za Boma zinkachokera kwambiri ku msonkho wa anthu akumudzi. Motero mayi wa ku Mzimba amene sadaionepo sitima ankathandiza kulipira njanji yonyamula tiyi wa ku Thyolo, pamene sukulu ndi zipatala zinkasiyidwa m'manja mwa amishoni. Ndiponso mitengo yonyamulira katundu idali yokwera zedi, kotero kuti mbeu za mtengo wapatali zokha, tiyi, fodya ndi thonje, ndizo zinkapindula. Chimanga, mpunga ndi mtedza za mlimi wamba zikafika ku Beira phindu lonse lidali litathera panjira. Katswiri wa mbiri yakale, Leroy Vail, adalemba mu 1975 kuti njanji zimenezi zidali chimodzi mwa zifukwa zazikulu za umphaŵi wa Nyasaland. Ena amati adanenetsa, pakuti dziko lopanda doko silikadakhala popanda njira yotulukira. 

Ngakhale zidali choncho, eni dziko sadangoiyang'ana sitima ili kudutsa. Adaikwera, nayisandutsa yawo. Mabogi adali ogaŵidwa potsata khungu ndi thumba: kalasi yoyamba ya azungu, yachiŵiri ya amwenye, amene ambiri adali akuluakulu a masiteshoni ndi amisiri a njanji, ndipo Afirika ankakhala pa mabenchi a matabwa m'mabogi otsiriza. M'mabogi amenewo ndimo mudali moyo. Mudali anyamata opita ku Salisbury ndi ku Joni kudzera ku Dondo, ena mwa iwo osadzabweranso, amene timati machona. Mudali odwala opita kuchipatala, ana a sukulu za mishoni ndi masutikesi awo a malata, ndi amayi a madengu a nthochi za ku Thekerani ndi nsomba zouma za ku Chiromo. Siteshoni iliyonse idasanduka msika, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa Ruo, kumene kudalibe mseu wodalirika, anthu ankaŵerenga masiku potsata kulira kwa sitima.

Kufunika kwa njanjiyi kudaonekera poyera nthaŵi ya njala ya 1949. Chaka cha 1948 madzi adakokolola mlatho wa pa Chiromo, ndipo wina sudathe kumangidwa mpaka 1950. Tsono pamene mvula idakanika, anthu a ku Blantyre, Chiradzulu ndi maboma oyandikana nawo nayamba kudya mizu ndi gaga, chimanga chogula kunja chinkachita kutsitsidwa m'mabogi, kuoloka Shire pa zombo, n'kupakiridwanso. Tsiku lililonse lochedwa pa Chiromo lidali tsiku la njala kumtunda.

Luchenza adaonanso mkwiyo wa anthu. Mu Ogasiti 1953, Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili kuyamba, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, udabutsa chipolowe chimene chidafalikira m'boma lonse la Thyolo ndi maboma ena a kummwera. Anthu adatseka miseu ndi mitengo, nadula mawaya a lamya, nakana thangata. Anthu 11 adaphedwa chipolowecho chisadazime. Malalanje adali kamoto chabe. Nkhuni zake zidali malo. Ndipo mu Novembala 1960 antchito a njanji eni ake adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, sitima zidaima, ndipo eni maesiteti adazindikira kuti mabokosi awo amayenda chifukwa cha manja a anthu akuda.

Titalandira ufulu mu 1964, Nyasaland Railways idasanduka Malaŵi Railways, injini za dizilo zidayamba kuloŵa m'malo mwa za malasha, ndipo Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidatsegula njira yachiŵiri ya kunyanja ya mchere, yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi mpaka ku Nacala, mu 1970. Njanji idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Koma nkhondo ya ku Mozambique idadula njira zonse ziŵiri pofika 1984, ndipo mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa mu 1986. Tiyi wa ku Thyolo adayamba kuyenda pa malole mpaka ku Durban, ulendo wotalika kangapo kuposa wa ku Beira, ndipo wambiri sadabwererenso ku njanji. Kenaka mu 1997 madzi adagumulanso njanji pa Chiromo. Akulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga, ndipo mu 1999 Boma lidapereka njanji kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa.

Sitima ya pa Makhanga imeneyo ndiyo ine ndidakwera ndili mwana wa sukulu ya pulaimale, m'chaka cha 2001, pamodzi ndi bambo anga, amene adali kalaliki pa esiteti ina, mayi anga, mlongo wanga ndi agogo aamuna. Minibasi zidalipo zambiri ndipo zinkafika msanga, koma agogo adakana. Adati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, ndipo adzukulu awo ayenera kuloŵa m'Kabula monga adaloŵera iwo ali mnyamata. Mayi adaphika chinangwa ndi mazira usiku, natsira thobwa m'chigubu. Tidafika pa Luchenza dzuŵa lisadakwere, ndipo tidadikira nthaŵi yaitali pakati pa milu ya nzimbe, matumba a makala ndi mikoko ya nthochi. Sitima itatulukira, anthu onse adaimirira nthaŵi imodzi, ndipo katundu wina ankaloŵera pa mawindo.

Idanyamuka pang'onopang'ono, ili kugwedezeka. Kumbuyo kwathu phiri la Mulanje lidatsala litavala mtambo, kutsogolo kunkaoneka Chiradzulu. Gadi adadza naboola matikiti athu. Pa siteshoni iliyonse ana ankathamangira m'mbali mwa mabogi ndi mbale za mtedza ndi zitumbuwa. Mlongo wanga adafunsa kuti, "Agogo, nanga utsi uli kuti, poti mumati sitima imafuka?" Iwo adaseka nati, "Mdzukulu wanga, iyi ndi ya dizilo. Ya nthaŵi yathu ukasuzumira pa windo, phulusa linkakuloŵa m'maso, ndipo malaya oyera ankafika ku Limbe ali bii." Kenaka adatiloza minda ya m'mbali mwa njanji, natiuza kuti atate awo adaoloka Ruo ndi mphasa ndi khasu lokha, nagwira thangata zaka zambiri asadakwerepo sitima imene inkanyamula tiyi wothyola iwo.

Pa siteshoni ya Limbe adatiimika pa kainjini kakang'ono kosungidwa pabwalo, kotchedwa Thistle. Kainjini kameneka ndi kanzake kotchedwa Shamrock tidapangidwa mu 1902 ndi kampani ya W. G. Bagnall ku Stafford, ku England, ndipo ndito tidakoka zitsulo ndi miyala pomanga njanjiyi. Kanzakeko tidakakapeza ku nyumba ya zinthu zakale ya pa Chichiri, imene idatsegulidwa mu 1966. Tikadziŵa kutalika kwa chitunda cha Ruo, n'zodabwitsa kuona kuchepa kwa tiinjini timeneti, ndipo munthu amazindikira kuti mphamvu yeniyeni yomangira njanji idali m'misana ya anthu.

Banja lochokera ku minda ya tiyi likafika ku Blantyre limakhala lafika pa chiyambi cha nkhani yake. Mzindawu udayamba mu Okutobala 1876 ngati mishoni ya mpingo wa Church of Scotland, m'dziko la mfumu Kapeni. Malowo adaŵasankha ndi Henry Henderson, ndipo womutsogolera ndi kumutanthauzira adali Tom Bokwito, mwana wa dziko lino amene adamasulidwa ku ukapolo mu 1861 nakaphunzira ku Lovedale ku South Africa. Dzina lakuti Blantyre adalitenga ku mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone adabadwira, koma eni dziko sadasiye kunena kuti ku Kabula. Pa mishoni pamenepo, pamene ambiri amangoti pa HHI, pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene adatsogolera ntchitoyo, sadaphunzire zomangamanga, ndipo amisiri ake adali anthu a m'midzi yozungulira, amene adaumba ndi kuotcha njerwa pomwepo. Pabwalo la mishoni yomweyi ndi pamene padamera mitengo iŵiri ija ya tiyi. Bambo anga, amene ntchito yawo idali kulemba makilogalamu a tsamba tsiku ndi tsiku, adaima pamenepo nthaŵi yaitali osanena kanthu.

Chakummwera kwake kuli nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Dzinalo lidachokera ku mandala a m'maso amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala. Pakhonde pamenepo ndi pamene amtengatenga aja ankatula mitolo yawo njanji isadabwere, ndipo ku Mandala komweko ndiko anthu a John Chilembwe adapita kukafuna mfuti usiku wa kuukira kwawo mu Januwale 1915. Blantyre adakhala ndi khonsolo ya tauni mu 1895, Limbe adakula pambali pake chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo matauni aŵiriŵa adaphatikizidwa mu 1956. Munthu akayenda kuchokera pa siteshoni ya Limbe, kudzera pa Chichiri ndi Mandala, kukathera pa mishoni, amakhala ali kubwerera m'mbuyo m'mbiri ya dziko lathu, kuchoka ku njanji, kupyola ku malonda, kukafika ku mishoni kumene zidayambira.

Zaka za pambuyo pake sizidaikomere njanji ya kummwera. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 adaiononga m'malo ambiri m'chigwa cha Ruo, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 adagumulanso milatho ndi miseu m'maboma onse a kuno. Kwa zaka zoposa 25 palibe sitima imene idachoka ku Limbe n'kukafika ku Nsanje. Pa nthaŵi yomweyo njanji yatsopano yamphamvu idamangidwa kuchokera ku migodi ya malasha ya Moatize, kupyola Mwanza ndi Neno, kukalumikizana ndi ya ku Nacala pa Nkaya. Apanso, monga mu 1903, njanji idatsata katundu wa mtengo wapatali. Eni maesiteti ali ndi malole awo. Amene adatsala padzuŵa ndi mlimi wa ku Sandama ndi ku Sankhulani, amene dengu lake la zinanazi kapena thumba la nandolo liyenera kukwera chitunda pamutu kapena pa njinga, monga ankachitira amtengatenga zaka 130 zapitazo.

Chiyembekezo chilipo. Mlatho wa Dona Ana udakonzedwa nuyambanso kunyamula sitima mu 2009, ndipo mu 2024 sitima yochokera ku Beira idafika pa Marka, m'malire a boma la Nsanje, patapita zaka pafupifupi 40. Koma kuchokera pa Marka kufika pa Luchenza pali Shire wofunika kuoloka ndi Ruo wofunika kumuweta, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ndalama zambiri. Pamene akuluakulu ali kukambirana za ndalamazo, ife eni misonkho tili ndi ufulu wofunsa funso limene makolo athu sadaloledwe kufunsa mu 1903 ndi mu 1935: kodi m'sitima imeneyo mudzakhala bogi la anthu ndi madengu awo, ndipo kodi idzaima pa Thekerani ndi pa Khonjeni, kapena idzangodutsa ndi mafuta ndi feteleza?

Tisadatseke, pempho langa kwa inu aphunzitsi ndi makolo ndi ili. M'midzi ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nsanje mudakali okalamba amene adaona injini za malasha, amene adadya chimanga cha pa zombo mu 1949, ndi amene adagwirapo thangata. Chaka chilichonse ali kuchepa. Atumeni ana akakhale nawo pansi, aŵafunse mitengo ya matikiti, maina a masiteshoni ndi za tsiku limene adayamba kuona Limbe, ndipo alembe m'makope. Mabuku a makampani adasunga kulemera kwa mabokosi a tiyi. Za anthu a m'mabogi otsiriza tisunge ndife.